Tifunseni: Kodi Baba Tembo ankavota bwanji mu Palamenti?

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi dzina limodzi, malemu John Zenus Ungapake Tembo, a JZU, amene anatisiya pa 27 Sepitembala 2023 ali ndi zaka 91. Ena mwalemba motamanda, ena mwangotukwana basi ndipo zimenezo sitisindikiza pepani, nde tasankha okhawo amene muli funso lenileni, ataliatali tawadulako.

FUNSO: Akulu, pa gulu lathu la WhatsApp la anyamata a kuno takangana mpaka anthu awiri kutulutsidwa. Ine ndikuti a JZU anavomera zoti a Muluzi aimenso kachitatu, anzanga akuti ndi bodza la a UDF, iwowo ndi amene anaigwetsa biluyo. Wolondola ndani? Mnyamata wa ku Linthipe.

YANKHO: Achimwene, abwezeni anthu awiriwo pa gulupo chifukwa nonse muli ndi mbali yoona, kungoti mukusakaniza mabilu awiri. Malamulo oyendetsera dziko amati pulezidenti alamulire materemu awiri otsatizana a zaka 5 basi, ndipo a Bakili Muluzi anali atawina 1994 ndi 1999, kutanthauza kuti 2004 anayenera kukapuma. Bilu yoyamba inavoteredwa pa 4 Julaye 2002 ndipo iyoyo sinkanena za kachitatu ayi, inkachotseratu malire onse, munthu aziima mpaka atatopa yekha. Chodabwitsa, sanaibweretse a UDF, anaibweretsa a Khwauli Msiska, phungu wa AFORD, ngati bilu ya phungu payekha. Kuti musinthe gawo ngati limenelo pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu, nde pankafunika mavoti 128. Inapeza 125, okana anali 59. Mavoti atatu okha ndi amene anasowa.

Tsono werengani nokha. UDF pa chisankho cha 1999 inapeza mipando 93. Enawo kuti afike 125 anachokera kuti? Anachokera ku mbali ya AFORD imene inali ndi a Chakufwa Chihana, komanso ku mbali ya MCP imene inali ndi a Tembo. Inde, tsiku limenelo Baba Tembo anavota movomera. Pamenepa mwawina ndinu ndipo palibe chokambirana.

Koma anzanuwo akukumbukira Januwale 2003, pamene boma linabweranso ndi bilu ina yofewetsako, yoti materemu akhale atatu. Pofika nthawi imeneyo mipingo, a PAC (bungwe la atsogoleri a zipembedzo), maloya ndi ophunzira anali atakwiya zoopsa, anthu akuvala timaliboni tapepo pachifuwa olo kuti a Muluzi anali ataletsa zionetsero, ndipo a Tembo anali atatembenuka, salinso mbali imeneyo. Boma litaona kuti manambala sakukwana silinayerekeze nkuvotetsa komwe, biluyo anaitumiza ku komiti yoona zamalamulo ndipo inakafera komweko. Patangopita miyezi yochepa a Muluzi anatulutsa dzina la a Bingu wa Mutharika.

Nanga anavomeranji poyamba paja, munthu wotsutsa boma? Apa ndinena maganizo anga, inu mukhale nawo anu. Nkhondo yeniyeni ya a Tembo zaka zimenezo sinali ndi a Muluzi, inali m'nyumba mwawo momwe mu MCP ndi a Gwanda Chakuamba, amene anali pulezidenti wa chipanicho. Mu 1999 a Gwanda anaima pa tikiti ya MCP nkutenga a Chihana ngati wachiwiri wawo, a Tembo kuwasiya panja. Mu 2000 chipani chimodzi chinachita misonkhano ikuluikulu iwiri, wina ku Blantyre wa a Gwanda wina ku Lilongwe wa a Tembo, aliyense nkutuluka akudzitcha pulezidenti wa chipani, kenako makhothi osatha. Munthu amene ali pa ndewu yotero amafuna bwenzi lamphamvu, ndipo lamphamvu nthawi imeneyo linali boma. Voti ya Julaye ija ine ndimaiwerenga choncho. Sikuti ndikuwaikira kumbuyo, ikanadutsa biluyo bwenzi tikukamba za Malawi wina lero.

FUNSO: Ine ndinabadwa 1998 ndipo ndili kuno ku Joni. Ndimangomva kuti mkuluyu anakhala mu Palamenti zaka 50, zoona zimenezi? Anayamba bwanji? Wowerenga wa ku Johannesburg.

YANKHO: Kuyambira pamene analowa mpaka pamene anatuluka zaka zimaposadi 50, koma pakatipa pali nyengo yaitali imene ntchito yawo yeniyeni inali kwina. Anabadwa mu 1932 ku Dedza, anakaphunzira ku koleji ya ku Roma m'dziko limene pano ndi Lesotho, nkubwera kudzagwira choko ngati mphunzitsi wa ku sekondale. Mu 1961, dziko lisanalandire nkomwe ufulu, analowa m'nyumba ya malamulo ku Zomba asanakwanitse zaka 30, ndipo mu 1964 anali nduna ya zachuma.

Voti yawo yoyamba yolemera inabwera chaka chomwecho. Miyezi iwiri yokha chilandirireni ufulu nduna zinayambana ndi a Kamuzu pa nkhani ya tiki imene anthu ankalipira ku chipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi, ndi ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique. A Kamuzu anachotsa a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo, ena monga a Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Masauko Chipembere anatula okha pansi maudindo. A Tembo anatsala ndi Ngwazi. Moyo wawo wonse wandale unamangidwa pa kusankha kumeneko, nde ukafuna kuwamvetsa yambira pamenepo mphwanga.

Anakhala ku zachuma mpaka 1969, nkupita ku zamalonda ndi mafakitale, ndipo kuyambira 1971 mpaka 1984 anali gavanala wa Reserve Bank. Chaka cha 1971 chomwecho ndi chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, nde ngati agogo ako anasunga ndalama yapepala ya zaka zimenezo pansi pa sutikesi, kayang'ane siginecha ili pamenepo. Anali malume awo a Mama Cecilia Kadzamira, ndipo pamene a Kamuzu ankakalamba aliyense ankadziwa kuti khomo lolowera ku Sanjika likudutsira kwa anthu awiriwa. Mu 1992, chaka cha kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma ija, anali nduna mu ofesi ya pulezidenti, akuteteza chipani chimodzi mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993 pamene anthu oposa 60 pa 100 alionse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Kuyambira 1994 anali phungu wa kummwera kwa Dedza mpaka 2014 pamene sanaimenso, atasiyira chipani a Lazarus Chakwera mu Ogasiti 2013.

Za mavoti a nthawi ya chipani chimodzi usavutike kufufuza, Palamenti ya nthawi imeneyo inali yoombera m'manja, wotsutsa analibe mpando. Mbiri ya mavoti imene ili ndi tanthauzo ikuyambira 1994.

FUNSO: Zikomo alembi. Amuna anga amati makuponi a feteleza anayambitsa ndi a Bingu, koma bambo anga omwalira ankati nzeru imeneyo anaibera a Tembo. Ine ndimangolima, ndiuzeni chilungamo. Mayi wa ku Mchinji.

YANKHO: Mayi, amene anasaina ndi kugawa makuponi anali a Bingu, zimenezo amuna anu akunena zoona. Pologalamuyi inayamba mu nyengo ya ulimi ya 2005/06, dziko litangochoka mu chilala choopsa, banja losankhidwa linkalandira makuponi awiri, thumba lokulitsa ndi lobereketsa, a makilo 50, pa K950 thumba, ndipo mtengowo unadzatsika mpaka K500 chitachitika chisankho cha 2009. Koma malemu bambo anu sankalota ayi. Feteleza wotsika mtengo inali nyimbo ya a Tembo pa msonkhano uliwonse, ndipo ngati pali mfundo imodzi imene sanaisinthe kuyambira pa kampeni mpaka mu Palamenti ndi imeneyi.

Kusiyana kwake kunali apa. A Bingu anati thandizo lipite kwa osaukitsitsa osankhidwa, pogwiritsa ntchito makuponi. A Tembo ankati ayi, tsitsani mtengo kwa aliyense, mlimi angopita ku ADMARC ndi ndalama yake nkugula, popanda kulembedwa dzina ndi amfumu. Inu mukudziwa bwino kuposa ine zimene makuponi ankachita m'mudzi, mayina kusowa pa mndandanda, mabanja awiri kugawana thumba limodzi ndi ndowa, mavenda kugula makuponi kuseri kwa depoti, anthu kugona pa mzere. Zimenezo ndi zimene a Tembo ankaloza. Oyankha ankati feteleza wa aliyense boma silingakwanitse, ndipo amene angadyerere kwambiri ndi a maesiteti amene amagula matumba mazanamazana pamene inu mukugula awiri. Mfundo imeneyinso si yopusa, ndipo ine ndimaona kuti a Tembo ankaiyankha mofooka, ankakamba zambiri za ubwino wake koma za komwe ndalama yake ichokere ankadutsa msanga, munthu woti anakhalapo nduna ya zachuma ndi gavanala.

Chimene anthu amaiwala nchakuti mu 2005 a Bingu analibe aphungu okwanira kudutsitsa bajeti paokha, chipani chachikulu m'nyumbamo chinali MCP ndipo a Tembo anali mtsogoleri wa otsutsa. Boma lopanda manambala limamvera, nde phokoso la otsutsa pa feteleza linali ndi kulemera kwake. Komanso musaiwale kuti mavoti a MCP ankachokera kwanuko, m'chigawo chapakati cha fodya ndi chimanga, nde mfundoyi inali ya mumtima komanso ya m'bokosi la mavoti nthawi imodzi. MCP italowa m'boma mu 2020 inabwera ndi AIP, pologalamu yake ya feteleza wotsika mtengo, thumba pa K4,495, kwa alimi ochuluka kuposa kale, mungoona nokha kuti nzeruyo inachokera m'nyumba yanji.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wopuma ndipo ndimakumbukira 2007 tikudandaula ngati tilandire malipiro chifukwa a Tembo anakana kukambirana bajeti. Kodi kunali kuteteza malamulo kapena dyera chabe? Ine mpaka lero sindinawakhululukire. Bambo wa ku Zomba.

YANKHO: Aphunzitsi, ulemu wanu. Funso lanu ndi limene landivuta kwambiri chifukwa pa lamulo a Tembo ankalondola, ndipo ndinena zimenezi olo zikupwetekeni. Tiyeni tibwerere mmbuyo pang'ono. Pa chisankho cha Meyi 2004 a Bingu anawina pa tikiti ya UDF ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100, a Tembo achiwiri ndi pafupifupi 28, a Gwanda, amene anali atachoka mu MCP nkuimira Mgwirizano wa zipani zina, pafupifupi 25. Taphatikizani awiri omalizawo muone chimene ndewu yawo ija inawadyera. Mu Febuluwale 2005 a Bingu anatuluka UDF nkuyambitsa DPP, chipani chimene sichinaime nawo pa chisankho, koma posakhalitsa mbali ya boma m'nyumbamo inadzaza ndi aphungu ochokera ku UDF, ku MCP ndi kwina, ambiri atalandira unduna. Amene DPP inawina yokha pa zisankho zachibwereza za Disembala 2005 anali 6 basi.

Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko limati phungu amene anasankhidwa pa tikiti ya chipani china nkuchisiya mwakufuna kwake kapena kulowa china cha m'nyumbamo, sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu, abwerere kwa anthu akapemphenso voti. A Bingu eni ake anapita nalo ku khothi kuti mwina ligwe, koma mu Juni 2007 khothi lalikulu la apilo linati gawoli ndi lovomerezeka. Nde a Tembo ndi a UDF anati chabwino, sipikala a Louis Chimango ayambe ndi Gawo 65, bajeti pambuyo. A mbali ya boma anathamangira kukatenga ziletso ku khothi zomanga manja a sipikala. Chaka cha boma chinkayamba pa 1 Julaye, koma bajeti ya 2007/08 inadzadutsa mu Sepitembala, ophunzira a ku yunivesite ndi mabungwe atagona panja kuchita zionetsero, mafumu akulankhula pa MBC tsiku ndi tsiku. Itangodutsa bajetiyo a Bingu anatseka Palamenti, Gawo 65 osakambidwa. Chaka chotsatira sewero lomwelo, bajeti kudutsa kumapeto kwa Ogasiti 2008.

Nyumbayo inali yotentha zedi zaka zimenezo, mukumbuka kuti mu Juni 2005 sipikala a Rodwell Munyenyembe anakomoka ali pampando mkangano wa zochotsa pulezidenti uli mkati, nkukamwalirira ku South Africa.

Tsono dyera linalipo? Linalipo aphunzitsi, tisanamizane. Aphungu aja akanachotsedwa boma la a Bingu likanatsala lopanda miyendo, ndipo wopindula woyamba akanakhala a Tembo eni. Komanso munthu yemweyu zaka zochepa mmbuyomo anali wokonzeka kusintha malamulo omwewo pofuna kuthandiza a Muluzi, nde zoti ankawakonda malamulowo usiku ndi usana ine sindigula. Koma dyera la wonena silisandutsa lamulo kukhala bodza. Cholakwa chawo chachikulu chinali chida chimene anasankha, kugwira bajeti pakhosi, chifukwa mu bajeti momwemo munali malipiro anu, mankhwala a m'zipatala ndi feteleza yemwe uja ankamuimbira nyimbo. A Bingu sanavutike nkomwe kufotokozera anthu, anangoti onani akukanizani chakudya. Anthu anayankha mu Meyi 2009, a Bingu 66 pa 100, a Tembo pafupifupi 30 olo kuti a Muluzi anali atawapatsa mavoti a UDF, ndipo MCP inatsika kuchoka pa mipando yoposa 55 kufika yosakwana 30. Nde chilango chimene inu mukufuna anachilandira kale.

Kaphindu kena ka nkhaniyi, a Bingu atamwalira mu Epulo 2012 aphungu anakhamukira ku PP ya mayi Joyce Banda, ndipo amene anayamba kulira Gawo 65 anali a DPP omwe aja.

FUNSO: Bwanji mukuopa kunena za ku Mwanza? Wosatchula dzina, Chikwawa.

YANKHO: Sitikuopa akulu. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa kwanuko a David Chiwanga, anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, boma la nthawiyo nkunena kuti inali ngozi ya galimoto. Kafukufuku amene anatsogolera jaji Michael Mtegha boma la UDF litalowa anapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Mu Januwale 1995 a Tembo anamangidwa nkuzengedwa mlandu pamodzi ndi a Kamuzu ndi ena, mu Disembala chaka chomwecho khothi linawapeza osalakwa, boma linachita apilo ndipo apiloyo inakanidwa. Zimene zili m'mabuku a khothi ndi zimenezo ndipo ife sitingasindikize choposa pamenepo. Kuti mabanja a anthu anayi aja sanaone wina aliyense wapamwamba atalangidwa, zimenezonso ndi zoona, ndipo mthunzi wa nkhaniyi unawatsata a Tembo pa kampeni iliyonse, makamaka kummwera ndi kumpoto komwe mavoti awo ankakhala ochepa zedi.

FUNSO: Izi za a Tembo mwazidziwa chifukwa anali wotchuka. Nanga phungu wanga amene timangomuona pa maliro, ndingadziwe bwanji kuti amavota chani ku Lilongwe? Mtsikana wa ku koleji, Mzuzu.

YANKHO: Achemwali, apa ndiye pali vuto lenileni. Mabilu ambiri kwathu kuno amadutsa ndi mawu chabe, sipikala amafunsa ovomera akuwe, okana akuwe, nkuweruza ndi khutu mbali imene yamveka kwambiri, nde palibe pamene palembedwa kuti phungu wakuti anati inde kapena ayi, olo kuti anali panja akuyankha foni. Mayina amaitanidwa mmodzimmodzi pakakhala kuti aphungu atsutsa chigamulo cha sipikala nkupempha kuwerenga, kapena pa nkhani zofuna magawo awiri mwa atatu ngati kusintha malamulo a dziko, nchifukwa chake voti ya 2002 ija timaidziwa bwino chonchi.

Chimene mungachite, funsani Hansard, buku limene amalembamo mawu aliwonse olankhulidwa m'nyumbamo, limapezeka ku laibulale ya Palamenti. Mmenemo muona ngati phungu wanu anafunsapo nduna za mlatho wa kwanu, ngati anatsegulapo pakamwa pa bajeti, komanso mavoti a mayina aja akakhalapo. Mvetseraninso pa wayilesi nthawi ya zokambirana, ndipo mukapezeka ku Lilongwe nyumba ikukumana mutha kupempha kukakhala m'mwamba mwa alendo muja nkuwerenga nokha mipando yopanda anthu Lachisanu. Funsani kuti ali mu komiti yanji, chifukwa ntchito yambiri imachitikira kumeneko kopanda makamera.

Akadzakuuzani kuti ndinavota choncho chifukwa chipani chinalamula, muwakumbutse kuti Gawo 65 lomwe lija lili ndi ndime yachiwiri imene imati phungu ali ndi ufulu wonse wovota mmene akufunira ndipo sangachotsedwe pampando chifukwa chongovota mosemphana ndi chipani chake. Chimene amaopa si lamulo, ndi mapulaimale ndi unduna. Zomuchotsa pakati pa teremu iwalani kaye, Gawo 64 limene linkapatsa anthu mphamvu yobweza phungu wawo aphungu eni ake analichotsa mu 1995, ndipo Seneti imene inayenera kumawaunika anaifufutanso mu 2001 isanakhale nkomwe pansi.

Ndipo manambala a m'nyumbamo amatha kupanga zodabwitsa, a Tembo omwe anazilawa. Itatha 2009 DPP ili ndi aphungu oposa 100, malamulo a nyumba anasinthidwa kuti mtsogoleri wa otsutsa azisankhidwa ndi nyumba yonse, a boma omwe kuvota nawo, nde anasankha a Abel Kayembe, phungu wachinyamata wa MCP, Baba Tembo nkukhala phungu wamba. Anathamangira ku khothi ndipo mu 2010 khothi linati zimenezo nzosemphana ndi malamulo, mpando unabwerera kwa iwo.